Dzina la Mlendo wa Anti Adukwei

Mukafika ku Kokomlemle n'kufunsa shopu ya Anti Adukwei, wina adzakuyankhani kuti, "Mukunena mayi aja amachitira makompyuta mwambo wa ana?" Ndi omwewo. Ine ndine Ayitey. Ndimachita lendi katebulo kumbuyo kwa shopu yawo, pomwe ndimakonzera mavidiyo a maukwati ndi a maliro, ndiye zomwe ndikunenazi si zomva kwa anthu ayi.

Shopuyo ndi ya magemu. Muli makompyuta khumi otsamira khoma, mipando ya pulasitiki, ndi fani wa kudenga amene amangosuntha kutentha kuchoka uku kupita uko. Anyamata, ndi abambo a ndevu zawo omwe, amabwera akaweruka kudzamenya mpira wa pa sikirini. Loweruka lomaliza la mwezi pamakhala mpikisano, ndipo tsiku limenelo ndi lomwe limanyamula shopu. Anthu amadzaza mpaka mu msewu, mayi wogulitsa kelewele pakhomo amatsiriza nthochi zake zokazingazo dzuwa lisanalowe.

Anti ndi mayi wamfupi, wa mawu aakulu, magalasi awo amalendewera pa chingwe. Anayamba ndi kugulitsa mafoni akale pa tebulo ku Tip Toe Lane, amuna awo, Bambo Lamptey, akadali moyo. Kutsegula kompyuta anaphunzira okha, pong'amba zakufa zomwe anzawo ankataya. Ana awo awiri aamuna anakula n'kupita kwawo, mmodzi ku Tema, wina ku Takoradi, iwo n'kutsala ndi shopu.

Nkhani yonse inayamba chaka chomwe anasintha makhadi a zithunzi. Khadi ya zithunzi ndi chipangizo cha m'kati mwa kompyuta chomwe chimajambula zonse zomwe diso likuona pa sikirini. Ikakhala yofooka, wosewera mpira amathamanga modukizadukiza, mwini gemu n'kumatukwana. Nthawi imeneyo kampani ina, yachilendo pa malonda a makhadi, inatulutsa ake otsika mtengo, ndipo Anti anagula khumi tsiku limodzi. Ankrah, yemwe ali ndi shopu ya magemu tsidya la msewu, anawoloka kudzaseka.

"Anti, mwagula chiyani ichi? Makhadi amenewa ngakhale owapangawo sawaika m'makompyuta mwawo!"

"Iwe Ankrah, unabadwa ukuthamanga?" anatero Anti, osadzutsa n'komwe mutu. "Amako anandiuza kuti unakwawa mpaka anzako anayamba sukulu."

"Ine ndikukuchenjezani ngati mayi anga."

"Wachita bwino. Koma chitsulo chake n'chabwino. Chomwe sichinakhwime ndi dalaivala. Adzakula."

Dalaivala ndi kapulogalamu komwe kamauza khadi mmene igwirire ntchito. Kampani imatulutsa watsopano pakapita nthawi, ndipo khadi yomweyo, osaikhudza ndi sikuludalaiva, imatha kudzuka yamphamvu kuposa dzulo. Apa m'pomwe pamagona matenda athu tonse okonda makompyuta. Kampani ikangolengeza, anyamata amalowa akuthamanga, mafoni m'mwamba.

"Anti, watuluka! Akuti liwiro lakwera kawiri!"

"Akuti," amayankha Anti. "Iwe wamuona?"

Ine zimenezi zimandipsetsa mtima, chifukwa ndine munthu wosadziwa kudikira. Ndimafuna chatsopano lero lomwelo. Koma ndawaona madalaivala ambiri, ndipo ndikuvomera kuti amabwera mosiyanasiyana. Wina liwiro limakweradi, koma pa gemu yomwe mu Accra muno palibe amaisewera. Wina amakonza udzu wa pa bwalo n'kuwononga mithunzi. Wina amabwera wabwinobwino, kenako tsiku lachinayi kompyuta n'kuyamba kuzima yokha.

Ndiye Anti anakhazikitsa lamulo lawo. Pakona, pafupi ndi tebulo langa, pali imodzi mwa makompyuta khumi aja yomwe timaitcha Mlendo. Dalaivala watsopano aliyense amafikira mmenemo, ndipo amakhalamo sabata yathunthu osatuluka, monga khanda limakhalira m'nyumba lisanaonetsedwe kwa anthu. Kwathu mwana satchulidwa dzina sabata isanathe, pakuti sitinadziwe ngati wabwera kudzakhala kapena wangodutsa. Sabata imeneyo Anti amamuyesa ndi gemu ya mpira, ya magalimoto, ndi vidiyo yanga imodzi ya ukwati yomwe ndinatopa nayo kale. Akapezeka wabodza amamuchotsa mwakachetechete, ndipo palibe amamutchulanso.

Akapezeka woona, tsiku lotsatira pamakhala mwambo, m'mawa shopu isanatsegulidwe. Pa mwambo wa mwana weniweni, wamkulu amamulawitsa madzi kenako chakumwa, kuti akakula asamatchule china dzina la chinzake. Anti amabwera ndi kapu ya madzi ndi botolo la sobolo, amaviika chala, n'kukhudza pamwamba pa Mlendo. Akatero amatchula dzina, malinga ndi tsiku lomwe dalaivalayo anatulukira, wa Lachitatu Kwaku, wa Lachisanu Kofi, kenako amamuika m'makompyuta onse, sobolo wotsalayo n'kumwa ife. Poyamba anthu ankaseka chikhakhali. Pasanathe chaka, shopu yonse inali itasiya kutchula madalaivala ndi manambala awo ataliatali aja.

"Kwaku anali munthu," amatero Okoe, wometa tsitsi wa pakhomo lachiwiri, yemwe amasiya kasitomala mutu theka kuti adzaone chigoli. "Kwaku ndiye anatichotsera kudukiza kuja. Yaw anali waulemu koma waulesi."

"Nanga Kofi?"

"Kofi musamunene. Kofi anandipatsa chikho."

Makhadi aja anakuladi, pang'onopang'ono, monga Anti ananenera. Sanafike pa makhadi odula a Ankrah, koma mpira unkayenda bwino, ndipo kwa Anti kompyuta sinkazima gemu ili pakati. Kwa Ankrah, yemwe amaika chilichonse chikangotuluka, zinkachitika. Anthu anayamba kubwera kudzafunsa nzeru asanagule khadi, ndipo mawu a Anti ankalemera mu Kokomlemle monse.

Pali chinthu chimodzi chomwe anyamata a mu shopu sankachidziwa, ine ndinachimva kwa mayi anga, omwe anali oyandikana nawo nyumba ku Jamestown. Mwana woyamba wa Anti anali wamkazi. Kwa ife a mtundu wa Ga dzina silisankhidwa, limakhala likudikira kale m'banja la bambo malinga ndi kubadwa kwa mwana, ndipo kwa a Lamptey mwana wamkazi woyamba ndi Lamiley. Aliyense ankalidziwa, koma panalibe wololedwa kulitchula. Mwanayo anamwalira sabata isanathe. Akuluakulu anamuika mwakachetechete, n'kuwauza Anti kuti asalire, anali mlendo chabe. Pambuyo pake kunabwera anyamata okhaokha, dzina lija n'kukhala losagwiritsidwa ntchito. Anti sanandiuzepo nkhani imeneyi, inenso sindinawafunsepo.

Mmodzi mwa omwe anadzafunsa nzeru anali Dzifa. Ndi mphunzitsi wa zojambula pa sukulu ina ku Adabraka, kwawo ndi ku Keta, ndipo kwa zaka ziwiri ankapanga filimu yaifupi ya zojambula za pa kompyuta. Inali yonena za nyumba ya mayi ake yomwe nyanja inameza, khoma ndi khoma, iye ali mtsikana. Anasunga ndalama zokwanira khadi imodzi, n'kubwera kwa Anti.

"Gula ngati zangazi," anamuuza. "Pulogalamu yako yojambulayo sanaikonzere bwino, koma ali m'njira. Pofika nthawi yomwe udzafune kumaliza, khadi idzakhala itakula. Ndakuuza ine."

Dzifa anagula pa mawu amenewo. Anajambula anthu, nyumba, migwalangwa, zonse zinayenda. Vuto linadza pomaliza. Filimu yotere ikajambulidwa, kompyuta imayenera kuiphika chithunzi chimodzichimodzi, kuika kuwala ndi mithunzi, ife timati kurenda. Khadi ija inkarenda mtunda bwinobwino, koma ikangofika pa mafunde, pulogalamu inkafa. Ndipo filimuyo theka lake ndi nyanja. Madalaivala awiri anabwera n'kupita, madzi osatheka. Kurenda popanda khadi kukanatenga miyezi. Uku chionetsero cha mafilimu cha ku Ouagadougou, chomwe Dzifa ankachilota usana ndi usiku, chinali chitalengeza kuti chitseka kulandira mafilimu Lamulungu lomaliza la mwezi.

Dzifa sanawadandaule Anti ngakhale kamodzi. Ankalowa, kupereka moni, kukhala pafupi ndi Mlendo n'kumayang'ana pansi. Ndikuganiza kuti akanawakalipira zikanawapepukira. Ndinawaona Anti akuwonda m'maso mwezi umenewo, waakye wa m'mawa, mpunga wa nyemba uja, akumusiya theka.

Lolemba la sabata yomalizayo, Okoe analowa lezala lili m'manja.

"Anti! Watuluka! Ndipo alemba dzina la pulogalamu ya Sista Dzifa. Akuti madzi akonza!"

"Akuti," anatero Anti, koma mawu awo sanamveke monga masiku onse.

Anamuika mu Mlendo, n'kuitanitsa Dzifa ku sukulu. Tinaima tonse kumbuyo kwake. Chithunzi chinayamba kutuluka, kuchokera pamwamba, thambo, denga la nyumba, kenako funde lobiriwira likumenya khonde. Pulogalamu sinafe. Chachiwiri chinatuluka, chachitatu. Dzifa anagwira pakamwa.

Kenako Anti, mwa chizolowezi chawo, anayatsa gemu ya mpira. Udzu wonse unali wakuda bii, mpira osaoneka, osewera akuthamangitsa mphepo.

"Aa, uyu ndi mfiti," anatero Okoe. "Anti, musamutulutse uyu. Loweruka tili ndi mpikisano."

Dzifa anakhala pansi n'kuwerengera pa foni yake. Kompyuta yake ndi Mlendo, ziwirizo, sizikanafika ngakhale pakati pa filimu. Kuti ithe Lamulungu pankafunika makompyuta onse a mu shopu, usana ndi usiku, kuyambira tsiku lomwelo, ndiponso magetsi atatikomera mtima. Ananena zimenezi motsitsa mawu, n'kunyamula chikwama chake.

"Palibe kanthu, Anti. Chionetsero chidzabweranso. Mwayesetsa."

"Khala pansi."

"Anti, sindinapemphe."

"Ndamva kuti sunapemphe. Ndati khala pansi."

Ine ndiye ndinalankhula, poti pakamwa panga sipakhala chete. Ndinawakumbutsa kuti lamulo ndi lawo lomwe, kuti dalaivalayu sanagone ngakhale usiku umodzi, kuti akhoza kutentha makhadi onse khumi kapena kubisa zilema m'zithunzi n'kudzazionetsa filimu itapita kale. Ndinawakumbutsanso za Ankrah, yemwe wakhala akulakalaka mpikisano wathu kwa zaka. Tangoganizani, ine amene ndimalimbana nawo mwezi ndi mwezi kuti aike msanga, tsiku limenelo ndine ndinkati dikirani!

"Ayitey, zonse wanenazo n'zoona," anatero Anti. "Lamulo ndinaliika kuti anthu asavulale ndi malonjezo a kampani. Koma mwanayu sanavulale ndi lonjezo la kampani. Anagula chifukwa ine ndinati idzakula. Ngati pali wotenthedwa, akhale ine."

Anadzuka, n'kuuza anyamata omwe ankasewera kuti amalize gemu yawo, ndalama asalipire. Pa chitseko anapachika chikwangwani choti shopu yatsekedwa mpaka Lolemba. Kenako anayenda kompyuta ndi kompyuta, kuika dalaivala wopanda dzina uja.

Sabata imeneyo sindidzaiwala. Mu shopu munkatentha ngati mu uvuni ya buledi, makhadi khumi akufuula limodzi. Anti anabwereka mafani kwa Okoe ndi kwa mayi wa kelewele, n'kutsegula mbali za makompyuta onse kuti apume. Lachitatu magetsi anazima, iwo n'kutumiza munthu kukagula mafuta a jenereta. Ndipo popeza sankamukhulupirira mlendoyo, chithunzi chilichonse chotuluka ankachiyang'ana okha, magalasi pa mphuno, Dzifa ali pambali. Lachinayi anapezadi kachilema, timadontho tofiira m'thovu la mafunde pa zithunzi zochokera ku kompyuta imodzi. Anaipumitsa kuti izizire, zithunzizo n'kuzibwereza. Mayi wa zaka zoposa makumi asanu, woti sanalowepo mu kalasi ya zojambula, anaona zomwe tonse tinaziphonya chifukwa choti iye yekha ndiye sankathamanga.

Ankrah sanachedwe. Lachisanu anali atapachika kale nsalu yaikulu yolengeza mpikisano kwake. Anawoloka msewu, manja m'thumba.

"Anti, ndamva kuti mwasanduka a sinema."

"Wamva bwino. Uwasamalire anyamata angawo. Okoe akagonja amaponya mpando, umuike pafupi ndi khomo."

Ankrah anaseka, koma anakanda mutu, ndipo pobwerera sanayang'ane m'mbuyo.

Loweruka phokoso lonse linali tsidya. Tinkamva kukuwa kwa chigoli chilichonse, mayi wa kelewele nayenso anasamutsira chiwaya chake komweko, ndipo sindimuimba mlandu. Anti anakhala chofulatira chitseko tsiku lonse, akuyang'ana nyanja ya ku Keta ikugwetsa khoma la kuchipinda kwa mayi ake a Dzifa. Nthawi ina ndinawamva akufunsa, "Amako anatulutsamo chiyani?" Dzifa anati, "Ife basi, ndi mphika umodzi." Anti anangogwedeza mutu.

Chithunzi chomaliza chinatuluka Lamulungu masana. Ine ndinalumikiza zonse, kuika mawu ndi nyimbo, ndipo Dzifa anatumiza dzuwa likupendeka. Uthenga woti yalandiridwa utalowa, anagwada pa simenti n'kugwira miyendo ya Anti. Iwo anamudzutsa mokalipa, ati asawadetsere nsalu ndi misozi. Patapita miyezi filimuyo inaonetsedwadi ku Ouagadougou. Mphotho sinapate, koma mayi ake a Dzifa anaionera pa foni ku Keta, n'kuloza zenera lomwe ankayanikapo nsalu. Anyamata a mpira ena anabwerera kwa Anti, ena anazolowera mipando ya Ankrah mpaka lero, ndipo mpikisano wa mwezi sunabwererenso mwakale. Zimandiwawa, ndipo ndimanena.

Koma ndikufuna ndikuuzeni za Lolemba lija, sabata itakwana.

Ndinafika m'mawa ndikudziwa ntchito yomwe inalipo. Dalaivala uja anali wolephera pa mpira, ndiye ankayenera kuchotsedwa m'makompyuta onse, n'kubwezeramo Kofi wathu wakale. Wolephera satchulidwa dzina, ili ndi lamulo. Ndinadabwa kupeza Anti atavala nsalu yoyera, kapu ya madzi ndi botolo la sobolo zili pa tebulo. Dzifa analipo, Okoe analipo, wamanyazi chifukwa Loweruka anasewera tsidya. Ena onse kunalibe.

"Anti, mukumutulutsa?" anafunsa Okoe. "Udzu wakuda uja?"

"Ayi. Akupita lero lomwe."

"Ndiye mwambo ndi wa chiyani?"

Anti anangotembenukira ku ntchito. Anayamba ndi makompyuta a kukhoma, kuchotsa dalaivala uja imodziimodzi, kuyatsa mpira, kuona kuti udzu wabiriwira. Anatsala Mlendo yekha. Anakoka mpando n'kukhala patsogolo pake, n'kuviika chala m'madzi, kenako mu sobolo.

"Wabwera Lolemba," anatero Okoe, pofuna kupeputsa zinthu. "Ndiye ndi Kojo. Kapena Adjoa, poti wathandiza mkazi mnzake."

"Uyu si wa tsiku," anatero Anti. Analankhula ndi kompyutayo, osati ndi ife. "Unabwera, sunakhalitse. Anthu adzati unali mlendo chabe, palibe chifukwa chokukumbukira. Koma ine ndinakuona, ndinakhala nawe sabata yonse. Sulowa m'njira wopanda dzina."

Anakhudza pamwamba pa chitsulo chija ndi chala chonyowa.

"Ndiwe Lamiley."

Okoe anatsegula pakamwa kuti afunse kuti dzina la kwa a Lamptey likudzatani apa. Ndinamuponda phazi mwamphamvu mpaka anameza funso lake. Dzifa sankadziwa kanthu, koma anaona nkhope yanga n'kubweza maso kwa Anti. Ine misozi inali itandidzadza, pakuti ndinazindikira kuti dzina limenelo lakhala pa lilime la mayiyu zaka zoposa makumi atatu, ndipo aka kanali koyamba kulitchula pa maso pa anthu.

Anti anakhala kanthawi dzanja lili pa Mlendo. Kenako anavala magalasi, n'kumuchotsa dalaivala uja ndi manja awo, n'kudikira kompyuta iyakenso. Anathira sobolo m'makapu anayi, n'kutipatsa.

"Imwani msanga," anatero. "Ayitey, kachotse chikwangwani pa chitseko, titsegule."

Mpaka pano, wina akafunsa mu shopu kuti filimu ya Sista Dzifa inatheka bwanji pa makhadi otchipa aja, Okoe amayankha asanafunsidwe kawiri kuti anali Lamiley. Anti akamva amangosiya zomwe akuchita kaye pang'ono, kuti alimve bwino likutchulidwa.